Ulemu Wanga Unabowola Pisitoni

Lachiwiri lapitali ndinakankha njinga yamoto mamailosi anayi pa msewu wa ku Vubwi, dzuwa lili paliwombo, tayi ili m'khosi. Ena a inu munandiona. Musakane, ndinamva kuseka kuchokera pansi pa mitengo ya mango, ndipo mayi wina wochokera kudimba anandifunsa mwaulemu ndithu ngati ine ndi njingayo timasinthana, lero iyo kunyamula ine, mawa ine kunyamula iyo.

Sindinakwiye. Munthu wodzikankhitsa yekha njinga akwiyira yani?

Inafera pachitunda. Inayamba kulira ngati misomali yogwedezeka m'chitini, kenaka inatsokomola kawiri, utsi tolo, basi zii. Ndinaponda chitsulo cholizira injini mpaka thukuta linatulukira kunja kwa jekete, koma chinkangotsika lobodo, chopanda mphamvu. Lole ya mtedza ndiyo inatitola, ine ndi njinga yanga, n'kukatitula pa Katete.

Anzanga a paboma anati ndi petulo wa masiku ano. Wina anati njinga zakale ndi momwemo, ndigule yatsopano. Ine ndinkangovomera ndi mutu, koma mumtima ndinkadziwa chimene chinapha njingayo. Anali mawu atatu amene ndinayankhula ndekha Loweruka, ndi pakamwa panga pomwepa.

Ndiyambire patali pang'ono.

Ine ndine mkamwini. Ndinakamanga kwawo kwa mkazi wanga Nabanda, kufupi ndi Mkaika, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi ndikumwa madzi a m'mudzi umenewo. Apongozi anga aamuna anthu amawatcha a Kopolo, chifukwa anamenya nawo nkhondo ku Burma, kumene ntchito yawo inali yokonza njinga zamoto za asilikali onyamula makalata. Njinga imene ndimakwerayi anaipeza kuseri kwa chigafa cha fodya pa famu ya mzungu wina, nkhuku zikuikira pansi pake. Anabwera nayo pa ngolo. Zaka ziwiri zathunthu anaimasula kachitsulo kamodzikamodzi, kutsuka ndi palafini, kuyala pa mphasa, kusula chimene chinasowa. Tsiku limene inalira koyamba, agalu onse a m'mudzi anathawira kudambo. Ndipo mpingo utandipatsa ntchito yoyendera masukulu ake a m'midzi, kuchokera ku Sinda mpaka kumalire, anaikankha okha kudzaiimika pakhomo panga. Anangoti, "Aphunzitsi, miyendo yanu ipumeko."

Munthu wotere mungamuuze kuti walakwitsa?

Tsono njinga yamoto ili ndi kachipangizo kotchedwa magineto, kamene kamatumiza moto ku pulagi kuti petulo aphulike ndi kukankha pisitoni. Moto umenewu uli ndi nthawi yake. Taganizani za amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Wina akatsitsa musi mnzake asanakweze wake, misi imagundana, ndipo sipatenga nthawi wina amagwira chala. Moto ukafulumira kubwera pisitoni isanafike pamwamba, nazonso zimagundana chomwecho. Injini imagogoda, imatentha, ndipo tsiku lina chimasweka ndithu.

Magineto yakale ya njinga yanga inali ndi kachogwirira pa handulo, koti wokwera azichedwetsa kapena kufulumizitsa moto. Apa ndiye ndiulule tchimo langa loyamba. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikumva kuti apongozi akaikonza njingayo, moto umafulumira pang'ono. Ndinkathokoza, kuwomba m'manja, kunyamuka, ndipo ndikangopitirira manda a m'mudzi ndinkakankha kachogwirira kaja kubweza moto m'mbuyo. Njinga inkayenda, apongozi ankakondwa, ine ndinkadziyesa munthu wodziwa kukhala ndi akuluakulu.

Koma magineto ija inakalamba. Nthawi ya mvula njinga inkakana kulira mpaka ana a sukulu ataikankha. Mwezi wathawu apongozi anakwera basi kupita ku tauni ya Fort Jameson, n'kubwerako ndi magineto yamakono yochotsedwa ku njinga ina imene inagundidwa, pamodzi ndi pisitoni yatsopano ndi mphete zake zimene amati malingi. Anandionetsa magineto ija monyadira. "Iyi imadzisinthira yokha moto. Kachogwirira kanu kaja kapita, dzanja lanu lipume."

Ndinati zikomo kwambiri.

Loweruka anaimanga, n'kuikamonso pisitoni yatsopano ija. Ndikanakonda mukanaona momwe amagwirira ntchito. Amachotsa pulagi, n'kulowetsa sipoko ya njinga yakapalasa pabowopo kuti amve pamene pisitoni yafika. Kenaka amatulutsa kapepala kopichirira fodya, n'kukapanitsa pakati pa timilomo tiwiri ta m'magineto timene amati mapoyinti. Mkulu wa mpingo wathunthu, amene sanasutepo chiyambire, koma m'thumba la malaya muli timapepala ta fodya! Abusa anawafunsapo za zimenezi, iwo n'kuyankha kuti amene amasuta ndi njinga. Amazunguza tayala pang'onopang'ono, ndipo kapepala kaja kakangosololoka, ndiye kuti moto wabwera pamenepo.

"Sipoko ndi pepala zimangokufikitsa pakhomo," amatero nthawi zonse. "Cholowa m'nyumba ndi khutu."

Atamaliza anati ndiponde. Ndinaponda, cholizira chinandibwezera chidendene mpaka mano anagundana. Ndinapondanso, inalira. Iwo anaika dzanja pa thanki, n'kutembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, ikulira bwanji?"

"Ikulira bwino, bambo."

Anati ndikakwere nayo kachitunda ka kuchitsime. Ndili pakati pa chitundacho ndinaimva misomali ija, ting'iting'i, momveka bwino kuposa kale lonse. Chala changa chinafufuza kachogwirira pa handulo, osakapeza. Nditabwerera ndinawapeza ataima pomwe ndinawasiya, sipanala ili m'manja.

"Nanga pachitunda?"

"Ikulira bwino, bambo."

Anandiyang'ana pakamwa, osati m'maso. Ndinazindikira zimenezo koma sindinaziganizire. Anafunsanso kachitatu, "Simukumva kalikonse?" Ndipo ine, mphunzitsi wa aphunzitsi, munthu wolemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata kulangiza mtundu, ndinayankha chimodzimodzi. Anamangitsa nati yomaliza ndi sipanala, n'kupukuta manja.

Zotsatira zake mwazimva kale.

Lachitatu mmawa njinga itafika kumudzi pa ngolo, apongozi anatsegula mutu wa injini. Pakati pa pisitoni yatsopano ija panali bowo. Analowetsamo chala, chinatulukira kunsi. Anasonkhanitsa masipanala awo onse, kuwatsuka ndi palafini limodzilimodzi, kuwakulunga m'nsalu yobiriwira imene anabwera nayo kunkhondo, n'kumanga ndi luzi. Kenaka anaitana mwana wawo.

"Nabanda, udzawauze amuna ako akapereke izi kwa wokonza magalimoto wa pa Katete uja. Ine manja atha. Ndaononga njinga ya aphunzitsi, mawa ndidzapha munthu."

Tsiku limenelo sanadye. Anakhala pakhonde, manja ali pamaondo, akungowayang'ana.

Ndikuuzeni zoona, ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Munthu anali kuweruza manja ake osalakwa, mboni yabodza ndili ine. Ndipo njira yothawira inalipo, yosalala bwino. Ndikanangokhala chete, kutenga masipanala, kunena kuti pepani bambo, ukalamba ndi choncho. Mudzi wonse ukanati mkamwini uja ndi waulemu.

Nabanda ankadziwa zonse, chifukwa Loweruka lomwelo ndinamunong'oneza kuti njinga ikugogoda. Ndinamupempha kuti akawafotokozere bambo ake mwanzeru, monga mwa mwambo wathu, poti mkamwini sapita yekha kwa apongozi ndi nkhani yolemera. Anaika pansi lichero.

"A Mwale, pamene munkati ikulira bwino, munatuma ndani?"

"Palibe."

"Ndiye bodza munasenza nokha, koma zoona mukufuna wokusenzerani? Atate akufa ndi chisoni pakhonde paja. Pitani."

Ndisanakuuzeni momwe ndinapitira, tiyeni tiime kaye pano, chifukwa sindikhulupirira kuti matendawa ndi anga ndekha.

Ife tili ndi mawu akuti "bwino" amene timawanyamula paliponse ngati mpeni wa m'thumba. Pa moni ndi abwino ndithu. Munthu akati mwadzuka bwanji, sakufuna kumva za msana wako wonse. Koma ife tawatulutsa mawuwa pa moni, tawalowetsa m'malo amene munthu akufunsadi kuti adziwe.

Pitani kuchipatala mukaone. Nkhalamba yayenda kuchokera mbandakucha, mwendo watupa ngati mtondo. Dokotala akufunsa kuti mankhwala a sabata yatha anathandiza? "Anathandiza, bwana." Bwanji? Poti munthu anavutika kukupatsa mankhwala, kumuuza kuti sanagwire ntchito ndi chipongwe. Dokotala alembanso omwewo, nkhalamba ibwerera kwawo kukafuna mizu.

Mlangizi wa zaulimi amabwera, kufotokoza za migula, n'kufunsa ngati tamva ndipo tagwirizana nazo. Tonse m'manja phuphuphu. Iye akangokwera njinga, aliyense akuyamba kunena chimene chalakwika ndi mzere umene wayezawo, kuti madzi a m'munda muno sayenda choncho, amatsikira kuchulu. Tinali nazo nzeru, koma tinadikira kuti munthu wofunika kuzimva achoke. Ndipo akuluakulu ena amene amabwera ndi magalimoto kudzatifunsa maganizo athu pa zinthu zazikulu kuposa migula, kodi mumadziwa kuti kuwomba m'manja kwathu amakakulemba m'mabuku awo kuti anthu avomera?

Ine ndemwe, pa ntchito yanga, ndimadya chakudya chomwechi tsiku ndi tsiku. Ndimafika pa sukulu, kufunsa mphunzitsi ngati zonse zili bwino. "Zonse zili bwino, bambo." Ndikuyang'ana kumwamba ndikuona thambo kudzera padenga. Masileti alipo asanu ndi awiri, ana makumi anayi. Ndimabwerera ndikudandaula kuti aphunzitsi athu sanena zoona. Mphunzitsiyonso akafunsa ana kuti mwamva, onse amakuwa kuti inde, iye n'kumadabwa pa mayeso. Aliyense akunamizidwa ndi wapansi pake, aliyense akunamiza wapamwamba pake, ndipo tonse tikuti ndi ulemu.

Musandimve molakwa. Sindikufuna makhalidwe amene ena abwera nawo kuchokera kumigodi, oyankhula ndi akulu manja ali m'thumba. Ulemu ndiwo umatisunga m'midzi muno, makamaka ife akamwini, amene timakhala pakati pa abale a eni. Kunjuta, kulambalala njira ya apongozi aakazi, kusatchula dzina, zonsezo ndimazichita ndipo ana anga adzazichita. Koma ndayamba kukayika ngati chimene ndinachita Loweruka chinali ulemu. Ndikachiyang'anitsitsa, ndinkadziteteza ndekha. Ndinkaopa kamphindi kamodzi kowawa, kuona nkhope ya munthu wamkulu ikugwa. Ndipo pansi pa manthawo panali chinthu china choipa kwambiri. Ndinali nditawaweruza kale kuti ndi nkhalamba yofuna kusangalatsidwa ngati mwana, yosatha kupirira zoona.

Makolo anati safunsa anadya phula. Nanga amene anafunsa katatu, n'kudyabe phula, mlandu ndi wa yani?

Lachinayi ndinapita. Ndinanjuta patali monga mwa nthawi zonse, pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja. Ndinayamba motsitsa mawu, mozungulira, kuti bambo, pali kankhani kena kokhudza njinga ija.

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza pang'ono.

"Aphunzitsi, senderani kuno. Mbali iyi. Khutu linalo linafera ku Burma, ili latsalali nalonso likulongedza."

Zaka zisanu ndi zinayi sindinakhalepo pafupi nawo chotero. Ndinakhala pakhonde pawo, phewa langa kukhudza lawo, pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo lamanja. Ndipo nkhani imene ndinaikonza kuti ndiinene monong'ona, ndinachita kuikuwa. Amayi amene ankasinja anaimitsa misi. Apongozi aakazi, amene ankatuluka m'nyumba, anabwereramo msangamsanga.

"Bambo, njinga ija inkagogoda! Ndinaimva Loweruka! Ndinakunamizani!"

Ndinapuma, n'kukuwanso.

"Yakhala ikugogoda chaka chonse! Ndinkabweza moto ndekha ndikapitirira manda!"

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana. Nthawi ino anandiyang'ana m'maso.

"Chaka chonse?"

"Inde, bambo."

"Ndinakufunsani katatu, aphunzitsi. Munkayesa ndikufuna kutamandidwa? Mendulo ndili nazo m'bokosi, njenjete zikusewera nazo. Chimene ndilibe ndi makutu. Kagogodedwe kaja n'kakang'ono, ine sindikamvanso. Ndinati mwana wanga ali ndi makutu awiri amoyo, ndibwereke amenewo. Tsono inu munandibwereka makutu ogontha kuposa anga."

Maso anga anali pa nyerere zimene zinkadutsa pakati pa mapazi athu.

"Kuyambira dzulo ndakhala ndikutukwana manja awa," anatero akuwatembenuza. "Manja amene sanandinamizepo."

Apa ine misozi inalengeza. Ndinati pepani. Anangogwedeza mutu.

Amene anatipulumutsa ndi Nabanda, amene nthawi yonseyi ankanamizira kusesa pabwalo pomwe anasesa kale mmawa. Anabwera kudzagwada kumbali ya khutu lamoyo lija.

"Atate, nanunso ndikufunseni. Mwezi watha ndinakufunsani kuti makutu ali bwanji, poti ndinaona kuti mukuyang'ana anthu pakamwa. Munati chiyani?"

Nkhalamba inayang'ana kumbali. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka.

"Ndinati ali bwino."

"Basi, mwapezana," anatero Nabanda, n'kutola tsache lake.

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale khutulo likhale lakufa. Kanditengereni nsalu ija."

Pisitoni yakale sanaitaye, munthu wa kunkhondo sataya chitsulo. Lachisanu tinatsuka injini yonse kuchotsa tizidutswa, n'kubwezeramo yakaleyo. Ndinavula tayi ndi jekete, kwa nthawi yoyamba ndinagwira nawo sipoko, iwo akuzunguza tayala. Anandionetsa momwe kapepala kamasololokera. Kenaka ndinakwera kachitunda ka kuchitsime ndi kubwerako. Ndinawapeza ataima pamalo pomwe paja, sipanala m'manja.

"Aphunzitsi, ikulira bwanji?"

Mukhulupirire kapena ayi, mawu akale aja anafika mpaka pamilomo. Chizolowezi n'chinthu choopsa. Ndinawameza, n'kuwerama pa khutu lawo.

"Ikugogodabe, bambo! Pang'ono!"

"Eyaa!" anatero, nkhope yonse ikuwala ngati ndawauza kuti ng'ombe yabereka. "Tsopano tikugwira ntchito."

Ndinakwera chitunda chija kanayi, iwo akuchedwetsa moto pang'ono ndikabwerako. Ulendo wachinayi ndinamvetsera mpaka pamwamba, osamva msomali ndi umodzi womwe. Nditabwerako n'kunena kuti ikulira bwino, sanandikhulupirire msanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Bwino wake uti, wa Loweruka kapena wa lero?" Zimenezo zinandipweteka, koma ndinaziyenera. Mawu amene wawagwiritsa ntchito ponama sabwerera msanga m'malo mwake.

Pisitoni yobowoka ija anandipatsa. Anati ndiziika pa tebulo langa. Ili pano pamene ndikulemba, yapsinja mapepala kuti asauluke, ndipo chala changa chimangopita chokha pabowopo. Mawa ndikuinyamula kupita nayo ku sukulu za ku Sinda. Ndikafunsa mphunzitsi ngati zonse zili bwino, ndidzayamba ndaiika patsogolo pake ndi kumuuza amene anaibowola.

Tsono inu amene munandiseka Lachiwiri pansi pa mango, sekani ndithu, ndinayenera. Koma sabata inoyi, ndani anakubwerekani makutu, ndipo munamubwezera chiyani?